Zithunzi za ukwati mu Lilongwe: kubotaniki, ku City Centre, kumaloji kapena pakhomo?

Maukwati ambiri a Loweruka mu Lilongwe amayenda mofanana. Kutchalitchi mwambo umayamba cha m'ma 8 kapena 9 koloko, abusa kapena ansembe amadalitsa, akwati amasayina m'kaundula, amayi amalulutira pakhomo, kenako pamatsala kampata madyerero asanayambe kuholo cha m'ma 1 kapena 2 koloko masana. M'kampata kameneka muyenera kulowa kujambulitsa, nkhomaliro, komanso kuti mkwatibwi akonzedwenso kumaso. Tchalitchi chikachedwa kutuluka, chimene chimafinyidwa ndi zithunzi, pakuti perekaniperekani palibe wa m'komiti amene angalole kumudula. N'chifukwa chake posankha malo ndimayamba ndafunsa zinthu ziwiri: pali mthunzi wabwino kodi, nanga ndi mtunda wautali bwanji kuchokera kutchalitchi ndi kukafika kuholo? Kukongola kwa malo ndimakuika pachitatu.

Nkhani ya mthunziyi ndi yaikulu kuposa momwe akwati ambiri amaganizira. Nthawi imene mwambo wathu umatipatsa yojambulitsira, kuyambira 11 koloko mpaka 1 koloko, ndi imene dzuwa limakhala paliwombo. Kuno ku Lilongwe limafika pamwamba penipeni 12 koloko isanakwane, ndipo kumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale limadutsa ndendende pamutu. Kuwala kochokera pamwamba chonchi kumadetsa m'maso, kumaika mthunzi pansi pa mphuno ndi pachibwano, pomwe chipumi chikunyezimira thukuta. Onjezani diresi loyera mbee pakhungu lathu lakudali. Wojambula akatsata diresi kuti maluwa ake osokedwa aoneke, nkhope imada. Akatsata nkhope, diresi limasanduka chinthu choyera chopanda mizere. Wojambula waluso amathana nazo ndi fulashi kapena chowalitsira chozungulira chija chonga lichero lasiliva, koma ntchito yake imapepuka kwambiri mukangomupatsa mtengo wa masamba ogwirana kapena khonde lalitali.

Ndipo si mthunzi uliwonse. Mtengo wa masamba apatalipatali umagwetsa kuwala kwa mawangamawanga pankhope, ndipo izi n'zovuta kukonza pakompyuta kuposa dzuwa lenilenilo. Mango, mbawa ndi kachere zimapereka mthunzi wodzaza chaka chonse. Jakaranda amakongola m'Seputembala ndi Okutobala atavala maluwa ake ofiirira mobiriwira aja, koma nthawi imeneyo amakhala atayoyola masamba, choncho ndi wabwino kukhala kumbuyo kwanu, osati woimapo pansi pake masana.

Kubotaniki

Munda wa maluwa ndi mitengo wa boma, umene uli pafupi ndi Capital Hill, ndi kumene anthu ambiri amathamangira, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Ndi waukulu, moti basi ya aperekezi, ana omwaza maluwa, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi azakhali amene akana kutsala onse amakwana popanda kupondana. Uli pakati pa mzinda: wochokera ku Area 18, 25, 47 kapena 49 safunika kuwoloka mlatho wa ku Old Town kuti afikeko. Mitengo ikuluikulu ilipo, ndipo ndalama yolowera ndi yojambulira imakhala yofikirika poyerekeza ndi kumahotela. Kwa banja limene likuwerengera kwacha iliyonse, malo amenewa amakhala patsogolo.

Koma muyenera kudziwa kuti simudzakhala nokha. Loweruka la kumapeto kwa mwezi, m'nyengo ya maukwati kuyambira Ogasiti mpaka Disembala, mungapeze magulu angapo a akwati akudikirana pamtengo umodzi wokongola. Kubotaniki kumapitanso anthu okapemphera, ena paokha ena m'magulu, komanso ophunzira okawerenga. Onsewa ali ndi ufulu wokhala pamenepo monga inu. Wojambula wodziwa malowa amakulowetsani mkati ndithu, kutali ndi pageti, kumene kulibe anthu odutsa kumbuyo kwanu. Wosadziwa amakuimikani pamalo oyamba amene waona, ndipo m'chithunzi chanu mumatuluka galimoto ya ukwati wina itamangidwa maliboni amtundu wina. Choncho mufunseni mosapita m'mbali ngati adajambulako kumeneko, ndipo akuonetseni zithunzi zake za masana, osati za madzulo zokha.

Chinanso n'chakuti munda umasintha ndi nyengo. Chithunzi chimene mwachiona pa Facebook, kapinga ali biriwiri, mwina chidajambulidwa m'Malichi. Mukapita m'Okutobala mudzapeza udzu wouma, fumbi, ndi malo ena akuda ndi lupsa. Ameneyunso ali ndi kukongola kwake, makamaka ngati aperekezi avala mitundu yowala, koma musadzadabwe. Mukafuna zobiriwira, kumbukirani kuti walira mvula walira matope: m'Januwale ndi Febuluwale nsapato za gogoda zimamira m'kapinga, ndipo dothi lofiira la katondo likagwira mpendero wa diresi silichoka ndi kansalu konyowa. M'Epulo ndi Meyi mdani ndi chisoso. Mkwatibwi akangodutsa m'mbali mwa tchire, timinga take takuda timamatirira pavelo ndi pamchira wa diresi, ndipo amene akuperekeza amathera mphindi zamtengo wapatali akuzula kamodzikamodzi. Tengani chitenje chakale kapena nsalu yoyera yoyala pansi pa diresi, ndi nsapato zafulati zoyendera kuchoka pagalimoto. Wina ayang'anenso pansi musanaimike mkwatibwi, chifukwa nthawi ya dzinja linthumbu limayenda m'mizere pansi pa mitengo yomweyo ya mthunzi wabwino.

Nyumba zikuluzikulu za ku City Centre

Ena safuna mitengo. Akufuna magalasi, masitepe otambalala, zipilala, chithunzi choti munthu akachiona adziwe kuti ukwati udachitikira mulikulu la dziko. Kwa oterewa malo oyamba ndi ku Umodzi Park, kumene kuli BICC, nyumba yaikulu ya misonkhano, ndi hotela yake yaitali. Nyumbayi idamangidwa ndi ngongole yochokera ku China, ndipo idakonzedwera msonkhano wa African Union wa 2012, umene pamapeto pake udasamukira ku Addis Ababa. Ubwino wake kwa akwati ndi woonekeratu: pansi ndi powaka, diresi silida, gogoda samira, ndipo mvula ikayamba pali pothawira pomwe mungapitirize kujambula. Pa malo onse a mumzinda, awa ndi amene savutitsa kwambiri m'miyezi ya dzinja.

Vuto lake ndi dzuwa lomwe lija, ndipo pano limabwera kawiri, lina kuchokera kumwamba lina kunjanja kuchokera pasimenti. Panja pa BICC masana a Okutobala anthu amatsinzina okhaokha, ana amayamba kulira, ndipo bambo wovala suti yakuda ya mabatani atatu amanyowa kolala pasanathe mphindi khumi. Njira yake ndi kujambula zambiri pansi pa denga la pakhomo ndi mkati, kenako kutuluka kamphindi kukajambula chimodzi chachikulu choonetsa nyumba yonse. Malo ngati awa amayendetsedwa ngati bizinesi, choncho pamafunika chilolezo ndi malipiro, ndipo tsiku limene kuli msonkhano waukulu kapena mwambo wa boma mwina sangakuloleni. Funsani za tsiku lanu lenilenilo, lipirani, sungani lisiti, ndipo lisitilo likhale m'thumba la munthu amene adzakhale m'galimoto yoyamba. Mlonda wa pageti wa Loweruka nthawi zambiri si amene mudalankhula naye Lachitatu.

Pafupi pomwepo, m'mbali mwa Presidential Way, pali Nyumba ya Malamulo, imene idatsegulidwa mu 2010, ndi chiliza cha Kamuzu Banda, chimene chidatsegulidwa mu 2006. Nyumba ya Malamulo imaoneka bwino kumbuyo kwa chithunzi, koma ndi malo achitetezo, ndipo simungangoimitsa mdipiti wa magalimoto pageti n'kuyamba kujambula musanapemphe. Za kuchiliza maganizo anga ndi awa. Malowo ndi osamalidwa, miyala yake yonyezimira ndi nsanamira zinayi zija zoimira umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo zimaoneka zaulemu. Komabe ndi manda. Alipo makolo amene sangasangalale kuona mwana wawo atavala velo pamanda, ngakhale akhale manda a mtsogoleri, ndipo sangakuuzeni pa tsikulo koma adzasunga mumtima. Ngati mukufuna kumeneko, yambani mwafunsa akuluakulu a mbali zonse ziwiri.

Chipilala chachikumbutso cha asilikali a nkhondo zikuluzikulu za dziko lonse, chimene chili cha ku Area 18 pamodzi ndi chiboliboli cha Kamuzu, chili pabwalo lotambasuka lopanda pobisala dzuwa. Ndi chabwino madzulo kapena m'mawa kwambiri, ndipo popeza chili pafupi ndi kubotaniki, mungaimepo mphindi zochepa podutsa. Kumene simuyenera kuyesa n'komwe ndi pafupi ndi Kamuzu Palace ndi Kamuzu Barracks, makamaka ngati wojambula wanu wabwera ndi drone, kandege kojambulira kuchokera m'mwamba.

Minda ya mahotela ndi maloji

Apa ndi pamene ndalama imagula mtendere. Sunbird Capital ili ndi mitengo yakale ndi kapinga wothiriridwa pakati pa City Centre. Ku Area 43 kuli Ufulu Gardens ndi Latitude 13. Kuli Four Seasons ndi maluwa ake, kuli Lilongwe Golf Club cha ku Old Town kwa amene akufuna bwalo lalikulu lobiriwira ndi mitengo italiitali. Chimene malo oterewa amaposera kubotaniki n'chakuti amathirira, ndiye ngakhale m'Okutobala mumapeza msipu. Pali zimbudzi zaukhondo, pali galasi loti mkwatibwi adziyang'anire, pali mpando woti agogo akhalepo, pali madzi ozizira. Zinthu zimenezi zimaoneka zazing'ono pokonzekera, koma pa tsikulo ndi zimene zimachititsa kuti nkhope za anthu zikhale zomasuka m'zithunzi.

Ubwino waukulu koposa umabwera ngati nkhomaliro ya akwati ili pamalo omwewo. Mwachotsa ulendo umodzi wathunthu. Mukatsika galimoto mumajambula, mumadya, mkwatibwi amakonzedwa, n'kunyamuka kupita kuholo. Mpata umene mukadathera pamsewu umapita kwa wojambula. Malo ena amalola kujambula mwaulere kapena motsitsa mtengo ngati mwagula chakudya kapena mwalipira chipinda chovaliramo, ena amalipiritsa padera, ndipo mitengo imasintha kawirikawiri masiku ano moti zimene adalipira mnzanu chaka chatha musazidalire. Pofunsa, funsani zonse: anthu angati akuloledwa kulowa, kwa nthawi yaitali bwanji, magalimoto angati, kodi mungalowe ndi zakumwa zanu, ndiponso ngati tsiku lomwelo kuli ukwati wina umene wabwereka munda wonse. Funso lomalizali ndi limene anthu amaiwala. Mukhoza kufika n'kupeza kapinga yense wadzaza matenti ndi mipando ya eni ake, inu n'kupatsidwa kangodya ka kuseri kwa khitchini.

Kuipa kwake, kupatula mtengo, ndi kuchepa kwa malo. Munda wa loji umakwana akwati ndi aperekezi awo, koma fuko lonse likatsatira pamakhala chipwirikiti, ndipo alendo ogona pamenepo amafunanso bata. Ngati mwasankha loji, komiti inene poyera kutchalitchi kuti okajambulitsa ndi akwati, aperekezi ndi makolo okha, ena onse atsogole kuholo.

Loji ya Kumbali ndi nkhani ina. Ili kunja kwa mzinda pang'ono, kupitirira Kamuzu Palace, pafamu yaikulu, ndipo ambiri amaidziwa chifukwa ndi kumene Madonna amafikira akabwera kuno. Kumeneko mumapeza thengo, minda, nyumba zofolera ndi udzu, ndi thambo lotseguka lopanda mawaya amagetsi odutsa kumbuyo. Ngati madyerero anu ali komweko, palibe chokambirana, jambulitsani komweko ndipo musungeko mphindi makumi awiri za madzulo. Koma ngati tchalitchi chili ku Likuni ndipo holo ili ku Area 25, ulendo wopita ndi kubwerera udzadya mpata wonse, osanena za mafuta a magalimoto asanu kapena asanu ndi limodzi.

Nkhalango ya pakati pa mzinda

Pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mbali mwa msewu wa Kenyatta, pali nkhalango imene muli Lilongwe Wildlife Centre, ndipo mtsinje wa Lingadzi umadutsa momwemo. Pa nkhani ya mthunzi palibe malo ena mumzinda oposa awa. Mitengo yachilengedwe yagwirana pamwamba, kuwala kumalowa kofewa ngakhale masana, ndipo pamene mitengo yambiri ya m'mbali mwa msewuwo idadulidwa pokuza msewu, mkatimu mudakali mozizira. Kwa akwati awiri okha ndi wojambula wawo, ndi malo amene ndimawakonda kwambiri.

Kwa gulu lalikulu sindingalimbikitse. Ndi malo osamalirako nyama zopulumutsidwa, ndiye phokoso, nyimbo za m'galimoto ndi malikhweru a aperekezi sizigwirizana ndi ntchito ya kumeneko. Tinjira take ndi tadothi, topapatiza, ndipo diresi la mchira wautali limafuna anthu awiri olinyamula. Apusi amayendayenda momasuka, choncho chakudya musachisiye poyera, ndipo zikwangwani zochenjeza za kumtsinje muzimvere, musatsikire kumadzi chifukwa chofuna chithunzi. Kambiranani ndi oyang'anira malowo nthawi ikadalipo kuti akuuzeni mbali zimene amalola kujambulirako.

Patchalitchi ndi pakhomo pa makolo

Njira iyi anthu amaiona ngati ya osowa ndalama, ndipo ine ndimatsutsa. Taganizirani amene amapita nawo kubotaniki kapena kuloji: achinyamata okhaokha, amene akwana m'magalimoto. Agogo amene abwera pa minibasi kuchokera ku Mitundu, ku Dowa kapena ku Ntchisi, atavala chitenje chawo chatsopano chimene adasunga miyezi itatu, amatsala pabenchi panja pa tchalitchi kudikira wowatengera kuholo. Kuholoko amakhala kumbuyo, phokoso la zokuzira mawu lili m'makutu, ndipo chithunzi chokhacho chimene amaonekamo ndi cha perekaniperekani, atatembenukira kumbali akufunafuna ndalama pamfundo ya chitenje. Zaka zikadutsa, chithunzi chimene banja limachifunafuna ndi cha iwowo ataima pakati pa mdzukulu wawo ndi mkazi wake, ndipo chimapezeka kuti palibe.

Choncho ngakhale mutasankha malo ena odula, zithunzi za banja zijambulidwe patchalitchi pomwepo, anthu asanabalalike. Matchalitchi ambiri akale a mumzinda uno, monga Maula Cathedral kapena St Peter's ya Anglican ku Old Town, ali ndi makoma, zitseko zazikulu ndi mitengo yokwanira kupereka chithunzi chaulemu. Ngakhale tchalitchi chanu chitakhala cha njerwa zosapaka pulasitala ku Kawale kapena ku Chilinde, khoma la njerwa zofiira la mbali ya mthunzi limagwirizana bwino kwambiri ndi diresi loyera. Chofunika ndi dongosolo. Lembani magulu papepala: makolo a mkwati, makolo a mkwatibwi, ankhoswe, agogo, abale a bere limodzi, abusa ndi akuluampingo, amayi a chigwirizano kapena a bungwe limene mayi ake a mkwatibwi amasonkhanako. Pepalalo mupatse munthu wa mawu amphamvu amene akudziwa nkhope za mbali zonse, pakuti wojambula sadziwa kuti amalume ndi ati. Mukatero magulu khumi amatha msanga. Funsaninso ku ofesi ya mpingo ngati pali ukwati wina ukulowa inu mukangotuluka, chifukwa m'matchalitchi akuluakulu izi zimachitika, ndipo pakhomo pamafunika kupereka mpata.

Pakhomo pa makolo pali china chimene malo olipira sangakupatseni. M'mawa, mkwatibwi akuvala, kuwala kolowera pazenera kumakhala kofewa ndipo kumakomera khungu lathu kuposa kwina kulikonse pa tsikulo. Mayi akumanga velo, azakhali akupereka malangizo omaliza, kuseri amayi atazungulira miphika ikuluikulu pamafuwa, utsi ukukwera pakati pa mitengo ya mango, ana akusuzumira pampanda. Zimenezi zimachitika kamodzi. Muuzeni wojambula afike m'mamawa, ndipo dzulo lake wina achotse zidebe, zingwe zoyanikira zovala ndi njinga pakhonde pomwe padzajambulidwire. Ngati mwalemba wojambula mmodzi yekha, sangakhale kwa mkwati ndi kwa mkwatibwi nthawi imodzi, ndiye gwirizanani kuti ayambira kuti, poganizira mtunda wa pakati pa nyumba ziwirizo.

Za m'misewu ya ku Old Town, pakati pa mashopu, makabaza ndi ogulitsa malonda, achinyamata ena ayamba kuzikonda ndipo zimatuluka zamoyo. Koma zimenezo ndi za tsiku lina, mutavala zopepuka, makamaka Lamulungu m'mawa misewu ili phee. Loweruka masana ndi diresi loyera cha ku Malangalanga, ayi. Pemphaninso anthu musanawalowetse m'chithunzi chanu.

Msewu umene uli pakati

Mzinda wa Lilongwe udamangidwa momwazikana chisamukire likulu kuchoka ku Zomba mu 1975, ndipo malo amene pamapu akuoneka oyandikana amatha kukutengerani nthawi yaitali. Chopinga chachikulu ndi mtsinje wa Lilongwe. Loweruka masana, makamaka anthu akangolandira malipiro, pamlatho wa ku Old Town magalimoto amayenda pang'onopang'ono, ndipo mdipiti wa ukwati ukalowamo umaduka pakati, ena kutsogolo ena kumbuyo. Lamulo langa ndi losavuta: musawoloke mtsinje kawiri chifukwa cha zithunzi. Ngati tchalitchi ndi holo zonse zili mbali ya Kawale, Biwi, Area 23 kapena Area 36, funani loji ya munda wabwino mbali yomweyo. Ngati zonse zili mbali ya Area 18, 47 kapena 49, kubotaniki ndi ku City Centre kuli pakhomo panu. Ngati tchalitchi chili tsidya lina ndipo holo ili tsidya linalo, wolokani kamodzi, mujambulitse pafupi ndi holo, kuti nthawi ikakutherani mungothamanga pang'ono. Ochokera cha ku Bunda turn-off kupita mbali ya Gateway Mall akhoza kuzemba m'tauni podzera msewu wolambalala wa kumadzulo.

Onaninso ngati pa tsiku lanu kuli mpira waukulu ku Bingu National Stadium. Bwaloli limalowa anthu pafupifupi 41,000, ndipo matimu akuluakulu akamasewera misewu ya ku Area 47, 49 ndi 18 imadzaza kuyambira masana. Abale athu a Seventh Day, amene maukwati awo amachita Lamulungu, mbali ya m'tauni amapeza misewu yopepukirapo, koma za mpirazi zimawakhudza chimodzimodzi. Ndipo ulendowu muuyese ndi galimoto Loweruka lina, pa ola lomwelo, limodzi ndi wojambula. Mudzaona nokha kumene mthunzi umagwera nthawi imeneyo, ndi poimika magalimoto.

Kusiya zina za tsiku lina

Pali njira ina imene ikufala, ndipo kwa amene angathe ndi imene imapereka zithunzi zokongola koposa: pa tsiku la ukwati mujambule za banja ndi aperekezi pamalo apafupi, kenako awiri nokha muvalenso mawa lake kapena mkati mwa sabata, mupite ndi wojambula kunja kwa mzinda nthawi ya madzulo. Ola lomaliza dzuwa lisanalowe ndi limene kuwala kumabwera cham'mbali, kofiirira, kopanda ukali. M'Juni ndi Julaye dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5, m'Disembala ndi Januwale limapitirira pang'ono 6 koloko. Pa tsiku la ukwati ola limeneli limakupezani muli pampando kuholo mbale ya perekaniperekani ili patsogolo, ndiye simungalipeze pokhapokha mutagwirizana ndi woyendetsa mwambo kuti akutulutseni kamphindi.

Malo oterewa alipo ambiri. Ku Kamuzu Dam, cha ku Malingunde, kuli madzi otambalala, ndipo popeza damulo ndi la Lilongwe Water Board muyenera kupempha kaye. Phiri la Bunda lili ndi thanthwe lalikulu ndipo pamwamba pake mumaona chigwa chonse, ngakhale kuti kukwera ndi diresi n'kovuta ndipo ambiri amapitako kukapemphera, choncho m'munsi mwake ndi mokwanira. Ku Dzalanyama, cha m'Seputembala, mitengo ya m'nkhalango imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe, ndipo ndi maonekedwe amene simungawapeze m'munda uliwonse wa mumzinda, kungoti msewu wake umafuna galimoto yolimba. Amene ali ndi mafuta okwanira amafika mpaka ku Senga Bay ku Salima, ulendo wa maola awiri kapena kuchepera pang'ono. Kumeneko nyanja ili kum'mawa, ndiye chithunzi cha dzuwa pamadzi chimafuna kulawirira m'bandakucha, osati madzulo.

Musanakonze zimenezi, funsani kumene mwabwereka diresi ndi masuti kuti zibwezedwe liti. Ambiri amafuna katundu wawo Lolemba, ndipo tsiku lililonse lowonjezera limalipiridwa, pomwe diresi lobwerera ndi mchenga wonyowa kapena katondo kumpendero likhoza kukudyerani dipoziti. Maluwa enieni a m'manja safika Lachiwiri ali bwino pokhapokha mutawaika m'madzi pamalo ozizira. Wokonza kumaso ndi tsitsi nayenso adzafuna yake yachiwiri. Mukawerengera zonsezi mungapeze kuti n'chimodzimodzi ndi mtengo wa loji yabwino pa tsiku lenilenilo, ndiye yerekezani ziwirizo musanasankhe.

Kwa banja la ndalama zochepa limene likukwatitsa pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kunja kukuzizira ndipo dzuwa lapendekera kumpoto, ndingasankhe zithunzi za banja patchalitchi kenako kubotaniki ndi aperekezi okha. Kwa a m'Okutobala ndi Novembala, kutentha kuli pachimake, ndingalipire munda wothiriridwa wa loji imene ikuphikanso nkhomaliro, ngakhale zitatanthauza kuchepetsa galimoto imodzi pamdipiti. Kwa a pakati pa Disembala ndi Malichi, sankhani malo amene ali ndi denga, kaya ndi BICC kaya hotela ya khonde lalikulu, chifukwa mvula ya masana simapereka chenjezo lokwanira kusamutsa anthu makumi awiri. Ikani m'galimoto maambulera akuluakulu awiri kapena atatu amtundu umodzi, oyera kapena akuda opanda zolemba za kampani, kuti ikagwa muli panja wojambula apitirize ntchito.